Nkhuku Zanu Zigona Kuti Usiku Uno?

Abale anga akugombe, kuyambira ku Dwambazi, kudutsa ku Dwangwa ndi pa boma, mpaka ku Chia ndi ku Benga, lero ndabwera ndi mlandu, ndipo oimbidwa mlanduwo ndife tonse. Ife ndife anthu odziwa kusamala chuma. Msodzi wa ku Nkhotakota sagona tulo ukonde wake uli wong'ambika. Amakhala pamchenga dzuwa likuswa mtengo, kusoka diso limodzilimodzi, chifukwa akudziwa kuti pamene padutsa chala lero, mawa padutsa usipa wa usiku wonse. Bwato likayamba kuchucha amalimata phula tsiku lomwelo. Koma bambo yemweyu akafika pakhomo madzulo amapeza nkhuku zake zikukwera mumtengo wa mango, zina zikulowa m'khitchini kukagona pafupi ndi mafuwa, iye osaona chachilendo. Kukacha n'kupeza kuti msoti umodzi palibe, amangoti, "Ndi tsoka." Si tsoka ayi, achimwene. Ndi ukonde wong'ambika umene sitinafune kuusoka.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Thadzi lachikuda limakhalira mazira masiku 21, ndipo likakhala lathanzi limatha kuswa katatu pachaka. Tinene kuti ulendo uliwonse laswa anapiye 10. Ndiye kuti thadzi limodzi lakupatsani anapiye 30 pachaka, mathadzi 5 akupatsani 150. Tsopano tulukani panja muwerenge nkhuku zimene zikupalasa pabwalo panupo. Zilipo zingati? Zisanu ndi ziwiri, mwina khumi, monga zinalili chaka chatha ndi dzana lake. Nanga zinazo zinapita kuti? Simunadye, simunagulitse. Zinadyedwa ndi mphamba, zinamira m'chithaphwi, zinafa ndi mphepo, zinatha ndi chitopa. Mathadzi athu ntchito yawo akugwira mokhulupirika. Amene tikugona pantchito ndife eni akefe.

Ndipo ino si nthawi yoseweretsa chuma. Chambo chimene makolo athu ankachiona ngati ndiwo wamba lero chili pa mtengo wa mabwana. Mwera ukakalipa kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, pamakhala masiku amene bwato silingalowe m'madzi. Novembala akafika nyanja imatsekedwa kwa makoka ena kuti nsomba ziswane, ndipo ndi nthawi yomweyo imene pakhomo pamafunika ndalama ya mbewu, ya feteleza ndi ya ana kusukulu. Pa masiku otere, nkhuku ndiyo imatuluka kukatiwombola. Mwana akadwala usiku, ya kabaza imachokera m'khola. Mlendo wolemekezeka akafika, ulemu wa pakhomo umachokera m'khola. Pa Khirisimasi ndi pa Idi, ogula amachita kukufunafunani okha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musadikire bungwe lodzakumangirani khola. Bango lili kudambo, nsungwi zilipo, udzu ulipo, manja muli nawo. Dzukani timange.

Musanakumbe dzenje loyamba, muyambe mwadziwa amene mukulimbana naye, chifukwa khola labwino limamangidwa poyankha mdani aliyense payekhapayekha. Kuno kunyanja adani ndi ambiri kuposa kumtunda. Kumwamba kuli mphamba ndi khwangwala. Pansi pali likongwe ndi vumbwe, agalu a m'mudzi ndi makoswe. M'mabango mumachokera ng'azi, imene mazira ndiwo ndiwo zake, ndiponso nsato. Mvula ikagwa linthumbu limatuluka, ndipo limatha kumaliza anapiye onse usiku umodzi. Nkhalango yathu ya Nkhotakota inatchingidwa ndi mpanda wa waya kuchokera pamene a African Parks anayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo njovu pafupifupi 500 zimene anazibweretsa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 zimauopa mpandawo. Koma likongwe sadziwa za mpanda wa boma. Mpanda wotchinga iyeyo ndi wanu womanga nokha. Pomaliza pali mdani wa miyendo iwiri, amene amadziwa ngakhale dzina la galu wanu.

Malo ndiye chiyambi. Sankhani pokwera, pamene madzi sadikha mvula ikagwa. Izi sindikuuza anthu osadziwa: kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira n'kusiya anthu zikwizikwi alibe pogona, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba zimene kale zinali kutali ndi gombe. Khola lomangidwa pansi m'chigwa ndi manda okumbiratu. Likhale pamene mungalione muli pazenera la chipinda chogona, kuti nkhuku zikalira usiku mumve msanga, koma litalikirane ndi chitsime komanso pamene mumayanika mbale. Lambulani tchire lonse lozungulira. Njoka ndi likongwe sizikonda kudutsa poyera. Mthunzi wa mtengo ndi wabwino, bola nthambi zisakhudze denga, chifukwa nthambi yokhudza denga ndi mlatho wa vumbwe.

Ine, kwa munthu wa kugombe amene ali ndi nkhuku zachikuda, ndimavomereza khola lam'mwamba. Ena amakonda lapansi la njerwa, ndipo lili ndi ubwino wake kwa amene akuweta nkhuku zambiri zosatuluka. Koma pamchenga wathuwu, pamene chinyezi chili pafupi ndipo kutentha kwa Okutobala kumawotcha ngakhale usiku, khola lokwezeka limapambana. Mphepo imadutsa pansi, zitosi zimagwa zokha, madzi osefukira amapita pansi pake, galu safikira. Likwezeni mita imodzi kuchokera pansi, osachepera. Likakhala lalifupi, pansi pakepo pamasanduka nyumba ya makoswe ndi njoka, ndipo inu simungalowetsepo tsache. Nkhuku 10 ndi tambala wake zimakwana bwino m'khola la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi. Musapanikize. Nkhuku zothithikana zimajomphana, zimapatsirana matenda, ndipo nyengo yotentha zimangofa zili chikhalire.

Nsanamira zake zikhale za mtengo wokhwima, bulugamu kapena kesha wodzala nokha, osati wokaba m'nkhalango. Mchenga sugwira mtengo ngati dothi la katondo, choncho kumbani mozama, masentimita 60 kapena kuposa, ndipo mutsendere ndi miyala. Mbali yolowa pansiyo muiwaule pamoto kapena muipake oyilo wakutha wa injini kuti chiswe chisaidye. Ndiyeno pali kanthu kakang'ono kamene ambiri amakadumpha, pamene ndi komwe kamapulumutsa khola: pa nsanamira iliyonse, cha pamwamba, vekani chidutswa cha lata kapena beseni lakutha lozondotsa, kukamwa kwake kuyang'ane pansi. Khoswe, njoka kapena likongwe akakwera amakagunda pamenepo n'kubwerera. Patsinde pa nsanamira muzithira phulusa nthawi ya dzinja, kuti linthumbu likafika lipeze njira yotseka.

Pansi pa kholalo yalani nsungwi zong'amba kapena timitengo towongoka, motalikirana ngati kukula kwa chala chimodzi, masentimita 2 basi. Mpata ukachepa zitosi zimaunjikana. Ukakula mwendo wa nkhuku umakodwa, ndipo njoka imalowera pomwepo. Makoma akhoza kukhala a nsungwi kapena bango lolukidwa mothina. Kumbali imene mwera umachokera, kum'mwera chakunyanja, tsekani kwambiri, ngakhale kumata ndi dothi. Mbali zinazo musiye mipata ya mpweya m'mwamba pafupi ndi denga, ndipo muitchinge ndi waya. Apa ndichenjeze: waya wa maso akuluakulu uja amautcha wa nkhukuwu ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka, koma khoswe ndi njoka yaing'ono amadutsa bwinobwino. Ngati ndalama ilipo yochepa, gulani waya wochepa koma wa maso ang'onoang'ono, muuike pamene pakufunikira kwambiri. Lamulo lake ndi losavuta: paliponse pamene palowa zala zanu ziwiri, mdani alowanso.

Denga la udzu limaposa la malata kuno kwathu, ndipo pamenepa wosauka wapambana wolemera. Nkhuku situluka thukuta. Ikatenthedwa imangoyasamula kukamwa n'kutambasula mapiko, imasiya kudya, imasiya kuikira. Malata a pafupi ndi mutu pa dzuwa la Novembala amaiphika yamoyo. Folerani udzu wokwanira, pepala la pulasitiki likhale pansi pake kuti lisadonthe, ndipo denga litulukire kunja theka la mita mbali zonse kuti mvula yamphepo isalowe. Ngati muli ndi malata kale, likwezeni denga ndipo muyale udzu kapena mlaza pamwamba pake.

Chitseko chikhale chachikulu moti mkono wanu ndi tsache zifike ngodya zonse, chifukwa khola lovuta kusesa silisesedwa. Ambirife timamangirira chitseko ndi zidutswa za tayala, n'kugula loko wamkulu wonyezimira. Wakuba sayang'ana lokoyo, amangodula tayalalo ndi mpeni. Gulani mahinjesi achitsulo. Makwerero a nkhuku akhale ochotseka: zikalowa madzulo, tsekani, chotsani makwerero, mukawaimike kutali.

Tsopano tilowe m'kati, muone kuti nyumba ya nkhuku nayonso ili ndi mipando yake. Nkhuku mwachibadwa imafuna kugona pamtengo, ndiye ipatseni mtengo wake m'kholamo. Pingasani mitengo yosalala, yonenepa ngati mpini wa khasu, ndipo nkhuku iliyonse ikhale ndi malo okwana masentimita 25. Mitengoyi ikhale pa msinkhu umodzi. Mukaisanjikiza wina pamwamba pa unzake, nkhuku zonse zimalimbirana wapamwamba, ndipo zogonja zimagona zikunyereredwa. Musaikhomere misomali, ikhale yoti mutha kuitulutsa, kuiyanika padzuwa kapena kuidutsitsa pa lawi la moto.

Chifukwa chake ndi utitiri. Mdani ameneyu ndi wochenjera kuposa onse aja, chifukwa saoneka. Masana amabisala m'ming'alu ya mitengo ndi m'mphako za nsungwi, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi. Mudzaona nkhuku zikuwonda chikhalirecho zikudya, thadzi likuthawa mazira litatsala pang'ono kuswa, kapena gulu lonse likukana kulowa m'khola limene munalivutikira. Musazinene kuti n'zopusa, zikuthawa kulumidwa. Tsekani mphako za nsungwi ndi dothi pomanga pomwe. Pakani laimu kapena phulusa lonyowetsa m'makoma. Panja, pamalo pouma pamthunzi, ikani mchenga wosakaniza ndi phulusa kuti nkhuku zizisambamo. Mchenga kuno sitigula. Nthata zija zimakakamira m'mbali mwa maso muzizipaka mafuta odzola olimba aja, zimabanika n'kugwa. Zikachuluka, mankhwala ake alipo kwa alangizi a ziweto.

Zisa zikhale kumbali ya mdima ndi yozizira, pansi poyerekeza ndi mitengo yogonapo ija kuti nkhuku zisamagonemo. Chisa chimodzi chimakwanira mathadzi anayi kapena asanu oikira, ndipo kukula kwake ndi masentimita 30 mbali zonse. Dengu lakutha, phale la mtsuko wosweka kapena chigubu chodula, zonsezi ndi zisa. Pansi thirani phulusa pang'ono, pamwamba udzu wouma wofewa. Agogo athu ankaikamonso masamba a fodya kapena a nimu pofuna kuthamangitsa tizilombo. Koma thadzi lokhalira mazira lipatseni chisa chakechake, kwalokha. Likakhala pamodzi ndi anzake, iwo amadzaikira momwemo, mazira amasakanikirana, ena n'kuswa ena asanakhwime, ndipo thadzi limanyamuka ndi oyambawo n'kusiya otsalawo akuzizira. Lipatseni mazira 10 kapena 12 malinga ndi kukula kwake, muwalembe ndi khala, ndipo lililonse lopanda chizindikiro muzilichotsa likadyedwe. Likangoswa, udzu wa m'chisamo muutenthe.

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha amayi kuti mutchere khutu, popeza m'makomo ambiri nkhuku ndi chuma chanu. Anapiye ambiri amafa m'masabata oyambirira. Taganizani ulendo umene timawayendetsa. Kamwanapiye ka masiku awiri, kolemera ngati bokosi la machesi, kakutsatira make m'mame a m'mawa, kudutsa m'munda wa chinangwa, kuwoloka ngalande, mphamba akuzungulira kumwamba. Make amapalasa poganiza za mimba yake, ndipo liwiro lake ndi la nkhuku yaikulu. Madzulo abwera asanu ndi atatu, mawa asanu ndi mmodzi, sabata ikamatha atsala awiri, ife n'kumati thadzi ili ndi losalera. Kodi inu mwana wa masiku awiri mungamutume kunyanja?

Anapiye amangireni kanyumba kawo pansi, chifukwa m'khola lam'mwamba timiyendo tawo timalowa m'mipata ndipo makwerero sangawathe. Sikafuna ndalama zambiri. Dengu lalikulu lolukidwa ndi nsungwi, lopanda tsinde, lovundikira pansi, limakwana thadzi ndi ana ake. Kapena kakhola ka mita imodzi mbali zonse kotchinga ndi waya wa maso ang'ono pamwamba ndi m'mbali. Masana muzikasuntha, lero apa mawa apo, pouma, theka padzuwa theka pamthunzi. Usiku kalowe pamalo otsekeka, ndipo pansi muyale mankhusu a mpunga. Kuno kwa alimi a mpunga, mankhusu amangotayidwa kuseri kwa zigayo, pamene ndi mphasa yabwino zedi ya anapiye: amayamwa chinyezi, amasunga kutentha. Akanyowa, chotsani muike ena. Chinyezi ndicho chimabweretsa matenda aja otsegula m'mimba mpaka zitosi kuoneka magazi. Nthawi ya mwera, phimbani dengulo ndi chiguduli usiku, kusiya pang'ono popumira. Asungeni chotero masabata 6, nthenga zimere, miyendo ilimbe. Mukatero mudzaona chodabwitsa: pa anapiye khumi, ambiri adzakula. Ndiponso thadzi mukalilekanitsa ndi ana ake atakula chotero, limabwerera msanga kukaikira.

Wina afunsa kuti, "Ndikawatsekera adya chiyani?" Funso labwino, ndipo yankho lake ndi limene limandipatsa mphamvu yolankhula nanu a kugombe, chifukwa inu muli ndi chimene mlimi wa ku Lilongwe amachigula modula. Chakudya cha nkhuku cha m'matumba chimakwera mtengo chifukwa cha zomanga thupi, ndipo zomanga thupizo kwa inu zimagwa pansi pa thandala. Zinyenyeswa za usipa ndi bonya zotsala poyanika, zosathira mchere, zisinjeni musakanize ndi madeya a chimanga kapena a mpunga, gawo limodzi la nsomba pa magawo angapo a madeya. Musachulukitse, kuopa mazira angamveke fungo la nsomba. Nkhungu zikatuluka panyanja, zija timaziwomba ndi lichero, nazonso ndi chakudya champhamvu. Chiswe chilipo. Soya mukazinge kaye musanapere. Zigoba za nkhono za pagombe ndi makoko a mazira muziwotche, musinje, muike m'kambale pakona, kuti mazira akhale a chigoba cholimba. Masamba a chammwamba, bonongwe ndi chisoso muziwamangirira m'mwamba pang'ono kuti nkhuku zizijompha. Chinangwa chokha ndicho chofuna kusamala: chowawa chija, chimene timaviika tisanapange kondowole, chili ndi poizoni kwa nkhuku monga kwa munthu. Makoko ake musawataye pamene nkhuku zikudya asanaviikidwe ndi kuuma.

Madzi asasowe ngakhale ola limodzi. N'zomvetsa chisoni kuti nkhuku ya m'mphepete mwa nyanja yaikulu chonchi izimwa madzi a sopo a kubafa. Dulani chigubu m'mbali, muchikweze pa njerwa kuti zisapondemo, muchiike pamthunzi, muzitsuka tsiku ndi tsiku. Cha anapiye chikhale chosaya, muikemo timiyala kuti asamire.

Nkhuku zazikulu zachikuda sizifuna kutsekeredwa tsiku lonse. Kupalasa ndiye moyo wake, ndipo chakudya cha kutchire n'chaulere. Zitsekulireni mame akauma, muzipatse madeya madzulo patsinde pa makwerero. Zimene zinazolowera kugona kwina zidzakana masiku oyamba. Zigwireni kukada, muzitsekere m'kholamo masiku atatu kapena anayi ndi madzi ndi chakudya, ndipo zikatero zidzalowa zokha. Amene angathe, amange kampanda ka bango kozungulira khola, kothandiza nthawi yobzala pamene nkhuku zimayambanitsa anthu ndi anansi awo, komanso pamene kwamveka matenda m'mudzi. Ndipo nkhuku zikachoka m'nyumba yogona anthu, mwana wokwawa sadzatolanso chitosi n'kuika m'kamwa. Ichi chokha chikanakwanira kukhala chifukwa chomangira khola.

Koma ndikakuuzani kuti khola lokha lithetsa zonse, ndakunamizani. Chitopa sichiopa loko. Matendawa, amene anadziwika koyamba mu 1926 ku Java ndi ku Newcastle ku England, amatha kupululutsa nkhuku za mudzi wonse m'masabata awiri, makamaka nyengo yotentha. Mumazidziwa zizindikiro zake: nkhuku kuodzera, mapiko kugwa ngati yavala jekete, zitosi zobiriwira, khosi kupindika. Ikadwala palibe mankhwala ochiza. Tsabola, mvunguti ndi makapusozi a anthu zimene timasungunula m'madzi sizipha kachilombo kameneka. Nkhuku imene yachira ikanachira ngakhale popanda zimenezo. Chimene chimagwira ntchito ndi katemera, ndipo alipo wopangidwa konkuno ku Malawi. Dzina lake ndi I-2. Anayambira ku yunivesite ya Queensland ku Australia, anakonzedwa dala poganizira midzi yopanda mafiriji, ndipo kuno amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Dontho limodzi m'diso limodzi, kwa nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala, miyezi inayi iliyonse, ndiye kuti katatu pachaka. Mtengo wotemera khola lonse sufika pa mtengo wa nkhuku imodzi. Temerani zili bwino; yodwala kale katemera saiwombola, ndipo ndi pamenepa pamachokera bodza lija lakuti katemera amapha nkhuku.

Muone tsono mmene khola ndi katemera zimagwirirana manja. Wotemera akafika m'mawa, mwini khola amangotsekula chitseko n'kumapereka nkhuku imodziimodzi, mphindi khumi ntchito yatha. Wopanda khola amayamba kuthamangitsana ndi nkhuku m'chinangwa pamodzi ndi ana onse a m'mudzi, agwira zitatu, zinayi zathawa, ndipo zothawazo ndizo zidzabweretse maliro.

Chitopa nthawi zambiri timachinyamula tokha, pa njinga. Nkhuku yotchipa modabwitsa pamsika ili ndi chifukwa chake: mwini wake waona zinzake zikufa ndipo akufuna kupulumutsapo kandalama. Nkhuku iliyonse yachilendo, kaya yogula, kaya yopatsidwa ndi apongozi, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu. Apongozi sakwiya, sadziwa n'komwe. Abakha agone kwawo, chifukwa amatha kunyamula matenda iwo akuoneka athanzi. Nkhuku yofa yokha ikwirireni mozama kapena muitenthe, osaiponya kudzala kapena m'nyanja, kumene galu akaitola n'kuigawira mudzi wonse.

Za mtundu wa nkhuku ndinene mwachidule. Ambiri amalakalaka za Mikolongwe, zakuda zazikulu zija, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndipo boma lakhala likuzifalitsa kwa zaka zambiri kuti zikweze nkhuku zathu. Ndi zabwino, zimaikira kwambiri, koma zimafuna chakudya ndi chisamaliro choposa, ndipo pothawa mphamba n'zolemera. Kugula tambala wa Mikolongwe musanamange khola ndi kugulira vumbwe ndiwo za Khirisimasi. Yambani ndi zomwe muli nazo. Kameta uja mumamuseka khosi losamerayu amapirira kutentha kwa kugombe kuposa anzake onse.

Pansi pa khola pamagwanso ndalama ina. Zitosi za nkhuku ndi manyowa amphamvu, ndipo nkhuku zogona mumtengo zimangomwaza chumachi pabwalo kuti ana aziponda. Sesani sabata iliyonse, muunjike pamthunzi pamodzi ndi mankhusu aja, ziwolerane kaye chifukwa zaziwisi zimawotcha mbewu. Amene amapanga manyowa a Mbeya akudziwa kale kufunika kwa ndowe zotere. Ndi mmene feteleza wakwereramu, dimba la tomato ndi mpiru likhoza kudyetsedwa ndi khola lanu.

Ndikudziwa mawu amene ali pakamwa panu: "Ndalama ndilibe." Tawerengani zogula: misomali, mahinjesi, loko, pepala la pulasitiki ndi waya pang'ono. Zina zonse ndi thukuta. Gulitsani atambala awiri owonjezera aja amene amangomenyana pabwalo, popeza tambala mmodzi amakwanira mathadzi khumi, ndipo ndalama ya zipangizo yapezeka. Amayi a banki mkhonde, ngongole yomangira khola imabwezedwa ndi khola lomwelo. Abambo, musanene kuti nkhuku ndi za akazi pamene msuzi wake mumapempha chiwindi ndi nthutumba. Tengani chikwanje mukadule nsanamira. Mabanja anayi akagwirizana, kumanga khola la mmodzi Loweruka lililonse, mwezi ukamatha onse ali ndi makola.

Ndipo inu achinyamata amene mwakhala pa sitolo kudikira ganyu ya kukoka ukonde kapena nyengo yodula nzimbe ku Dwangwa, ntchito nayi ikukuyang'anani. Mangani khola limodzi looneka bwino pakhomo pa mayi anu, m'mbali mwa njira pamene anthu amadutsa. Ofunsa kuti wamanga ndani sachedwa, ndipo wachiwiriyo mumulipiritse. Wina mwa inu apite kwa alangizi a ziweto, ku Linga, ku Nkhunga, ku Zidyana kapena kulikonse kumene kuli ofesi ya zaulimi ya dera lanu, akafunse mmene angaphunzirire kutemera nkhuku ndi tsiku limene katemera wotsatira afike. Pobwerera adzere kwa amfumu, apemphe kuti pa msonkhano wa mudzi alengeze tsikulo, ndipo ayende khomo ndi khomo ndi kope, kulemba dzina la mwini ndi chiwerengero cha nkhuku zake, kuti botolo likadzatsekulidwa lidzathere m'maso mwa nkhuku tsiku lomwelo. Udzu wofolera umapezeka kutchire moto usanadutse, ndipo bango limadulika bwino madzi asanabwerere m'madambo. Nolani zikwanje, muyambe Loweruka lino.